Paul Gerhardt: mbusa amene nyimbo zake za mtanda zinakulira m'makomo

Talowa m'nyengo ya Lenti, masabata amene timakumbukira zowawa ndi imfa ya Ambuye wathu Yesu Khristu. Ambiri a ife nyengo imeneyi timaisungira ku chalichi cabe: pa Sondo, pa mapemphero a pakati pa sabata, ndi pa Lacisanu Loyera. Tikafika kunyumba, buku la nyimbo limatsala m'cikwama kudikira Sondo yotsatira. Ndiye cifukwa cake tasankha kukufotokozerani mbiri ya Paul Gerhardt, mbusa wa mpingo wa Lutheran ku Germany, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1607 kufika 1676. Iyeyu ndiye analemba nyimbo yochuka ija ya mutu wa Yesu wolasidwa ndi minga, imene lero imaimbidwa m'zinenero zambiri m'Sabata Loyera. Nyimbo zake zinacedwa kulowa m'dongosolo la mapemphero a mpingo. Kumene zinayamba kukondedwa ndi m'makomo, pakati pa mabanja amene anali atangopulumuka ku nkhondo, njala ndi mliri.

Mwana wamasiye m'dziko la nkhondo

Paul Gerhardt anabadwa pa 12 March 1607 m'tauni yaing'ono ya Gräfenhainichen, m'dziko la Saxony. Tauniyi ili pafupi ndi Wittenberg, mzinda umene Martin Luther anayambitsiramo nchito yokonzanso mpingo mu 1517. Atate ake, a Christian Gerhardt, anali mlimi, anali ndi nyumba ya alendo, ndipo anakhalaponso meya wa tauniyo. Amai ake, a Dorothea, anali mwana wa abusa.

Paul ali ndi zaka 11, mu 1618, kunabuka nkhondo imene inatha zaka 30. Inayamba ngati mkangano wa mafumu a Cikatolika ndi a Ciprotestanti, koma m'kupita kwa nthawi maiko a Denmark, Sweden, France ndi Spain analowamo, lililonse ndi zofuna zake, ndipo bwalo lomenyerapo linali Germany. Asilikali a masiku amenewo sanali kuyenda ndi cakudya cokwanira. Akafika pamudzi anali kulanda mbeu, ng'ombe ndi akavalo, kaya mudziwo ndi wa adani kaya ndi wa anzao. Iwo akapita, njala inali kufika, ndipo pambuyo pa njala mliri. M'madera ena theka la anthu linatha.

Atate a Paul anamwalira mu 1619, amai ake mu 1621. Pa zaka 14 mnyamatayu analibe kholo ngakhale limodzi. Caka cotsatira analowa sukulu yogonera komweko ya ku Grimma, imene kale inali nyumba ya amonke. Kumeneko maphunziro anali m'Cilatini, mwambo unali wokhwima, ndipo tsiku lililonse linali ndi nthawi zake za pemphero ndi kuimba. Mu 1626 mliri unalowa m'tauniyo. Ana ambiri anathawira kwa makolo ao, koma Paul anali m'gulu la ocepa amene anatsala pasukulu. Anamaliza maphunziro ake kumeneko kumapeto kwa 1627.

Zaka zodikira mpingo

Mu January 1628 analembetsa pa yunivesite ya Wittenberg kuti aphunzire zaubusa. Panthawi imeneyo kalembedwe ka ndakatulo za Cijeremani kanali kusintha. Mu 1624 mlembi wina, Martin Opitz, anatulutsa buku lophunzitsa kuti m'ndakatulo liu lililonse ligwe monga limagwera munthu akamalankhula, osalipotoza pofuna kuti likwane mumzere. Ku Wittenberg mfundo zimenezi zinali kuphunzitsidwa ndi August Buchner. Gerhardt anazigwira bwino, ndipo ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene nyimbo zake zinakhalira zosavuta kuloweza: mai wosapita kusukulu akaziimba, zinali kumveka ngati mau ake a tsiku ndi tsiku.

Maphunziro anatha, koma mpingo woti autumikire sunapezeke. Nkhondo inali itapasula midzi yambiri, ndipo mipingo yotsala inali yosauka. Gerhardt anapeza nchito yophunzitsa ana pakhomo pa mbusa wina wa mu Wittenberg momwemo. Ali kumeneko, mu April 1637, m'sabata ya Pasaka, asilikali a ku Sweden anatentha tauni ya kwao ya Gräfenhainichen. Asilikali amenewa anali a dziko la Cilutheran ngati iye mwini. Caka comweco cisanathe, mkulu wake Christian anamwalira ndi mliri.

Ca m'ma 1643 anasamukira ku Berlin, mzinda umene ciwerengero cake ca anthu cinali citatsika pafupifupi ndi theka cifukwa ca nkhondo. Kumenekonso nchito inali yomweyo, yophunzitsa ana, tsopano pakhomo pa loya wina dzina lake Andreas Berthold. Motero munthu amene anaphunzira zaubusa anafika zaka 44 asanadzozedwe. Zaka zonsezi malo ake a utumiki anali nyumba za anthu ena: kudya ndi banja, kupemphera nalo m'mawa ndi madzulo, kuphunzitsa ana Katekisimu. Nyimbo zake zoyamba zinalembedwa m'moyo woterewu.

Buku la ku chalichi ndi la kunyumba

Kuti timvetse zimene zinacitika ku Berlin, tiyambe taona mmene Akhristu a Lutheran anali kupembedzera. Mu 1529 Luther analemba Katekisimu Wamng'ono, ndipo anaulembera mwini nyumba kuti aziphunzitsa a pabanja pake. M'menemo anaikamo pemphero la m'mawa, la madzulo ndi la pa cakudya, nalangiza kuti munthu akatha kupemphera m'mawa apite ku nchito yake akuimba nyimbo. Conco kupembedza kwa pakhomo kunali mwambo wokhazikika. Ku chalichi, mpingo unali kuimba kwambiri nyimbo zakale za m'nthawi ya Luther, zimene anthu anazidziwa pamtima, ndipo Sondo iliyonse inali ndi nyimbo zake zozolowereka. Nyimbo yatsopano sinali kulowa msanga. Njira yake inali kudzera m'makwaya a ana a sukulu ndi m'makomo.

Pa chalichi ca Nikolai ku Berlin panali mtsogoleri wa nyimbo, Johann Crüger, amene anagwira nchitoyi kuyambira 1622. Iye anali kusonkhanitsa nyimbo zakale ndi zatsopano m'buku lochedwa Praxis Pietatis Melica, dzina la Cilatini lotanthauza kucita zacipembedzo mwa kuimba. Pa tsamba loyamba la bukuli panalembedwa poyera kuti linakonzedwa kuti lithandize mapemphero a ku chalichi ndi a kunyumba omwe. Maimbidwe ake anasindikizidwa mosavuta, mzere wa liu lotsogolera ndi mzere wa besi, kuti ngakhale banja lokhala ndi coimbira cimodzi, kapena lopanda coimbira, lithe kutsatira.

Crüger ataona ndakatulo za mphunzitsi wa ana uja, anazikonda. M'buku limene linatuluka mu 1647 anaikamo nyimbo 18 za Gerhardt, ndipo pofika 1653 zinakwana 82. Tikaona mitu ya nyimbo zoyambazo, tiona kumene zinali kuloza. Panali nyimbo ya podzuka m'mawa. Panali ya madzulo, imene imayamba ndi kukhala cete kwa nkhalango ndi minda, n'kutha ndi kupempherera okondedwa kuti agone motetezedwa. Panali ya m'nyengo ya zowawa yofotokoza Yesu ngati Mwanawankhosa wosenza macimo a dziko mosadandaula, ina yoitana dziko lonse kuti lione Mpulumutsi pamtanda, ndi ina ya cimwemwe ca Pasaka. Mu 1653 munatuluka nyimbo yolimbikitsa kudalira Mulungu, yomangidwa pa Masalimo 37:5. Ili ndi ndime 12, ndipo mau oyamba a ndime zonse akawerengedwa motsatana amapanga vesi lonselo. Mwana woloweza nyimboyo anali kuloweza ndi vesi lomwe.

Nyimbo za Luther kambiri zimalankhula m'dzina la mpingo wonse. Za Gerhardt kambiri ndi munthu mmodzi amene akulankhula ndi mtima wake kapena ndi Mbuye wake. Ciphunzitso cinali comweco, koma tsopano cinali m'kamwa mwa mai wamasiye, mlimi wolandidwa ng'ombe, ndi kholo loika mwana m'manda. Zambiri zinalinso zazitali, ndime 10, 12 kapena 15, utali woyenera munthu amene wakhala pansi madzulo ndipo sakuthamangira kwina.

Mittenwalde ndi nyimbo ya mutu wa Yesu

Nkhondo inatha mu 1648. Mu November 1651 Gerhardt anadzozedwa ubusa m'chalichi ca Nikolai, natumizidwa ku Mittenwalde, tauni yaing'ono ya kumwera kwa Berlin imene asilikali ndi mliri anaisiya yophwanyika. Pa 11 February 1655, ali ndi zaka 47, anakwatira Anna Maria, mwana wa a Berthold aja.

Nyimbo yake ya mutu wa Yesu inasindikizidwa m'buku la Crüger mu 1656. Gwero lake ndi ndakatulo yakale ya Cilatini, imene panthawiyo anthu anali kuti inalembedwa ndi Bernard wa ku Clairvaux, koma akatswiri a lero amati ndi ya mmonke wina, Arnulf wa ku Leuven, amene anamwalira ca m'ma 1250. Ndakatuloyo ili ndi zigawo 7. Wopemphera amaima patsinde pa mtanda n'kumakweza maso pang'onopang'ono: mapazi a Yesu, maondo, manja, nthiti yolasidwa, cifuwa, mtima, ndipo potsiriza nkhope. Gerhardt anazilembanso zonse 7 m'Cijeremani, koma comaliza ndico cinafala koposa. M'chalichi ca ku Mittenwalde, m'munsi mwa cithunzi ca pa guwa, muli nkhope ya Khristu yovala cisoti caminga, ndipo ambiri amakhulupirira kuti mbusayu, amene anali kuima pamenepo Sondo iliyonse, anali nayo m'maganizo polemba.

Nyimboyi ili ndi ndime 10, ndipo imayenda mwadongosolo. Zoyamba zimangoyang'ana: mabala, kunyozedwa, nkhope imene imfa yaicotsa kuwala. Kenaka woimba amavomera kuti katundu amene Yesu wasenza ndi wa iye woimbayo. Atavomera, amapempha Mbusa wabwino kuti amulandire, nalonjeza kuti sacoka pa mtandapo. Pamabwera ndime yoyamika. Ziwiri zomaliza zimatembenukira ku imfa ya woimba mwini, kupempha kuti Yesu amene anadutsa m'nkhawa ya imfa akhale pafupi pa ola limenelo. Ndime ziwiri zimenezi mabanja a ku Germany akhala akuziimba ndi kuziwerenga pa bedi la odwala kwa mibadwo yambiri.

Maimbidwe ake ali ndi mbiri yaoyao. Anapekedwa ndi Hans Leo Hassler, nasindikizidwa mu 1601 ngati nyimbo ya cikondi, ya mnyamata wosokonezeka mutu cifukwa ca namwali. Patapita zaka zocepa Akhristu anawatenga n'kuikapo mau a nyimbo ya pa imfa, ndipo Crüger anawasalaza kuti agwirizane ndi mau a Gerhardt.

Tizindikire ndondomeko ya zaka. Mwana woyamba wa Paul ndi Anna Maria, dzina lake Maria Elisabeth, anabadwa mu May 1656, caka cimene nyimboyi inatuluka. Anamwalira mu January 1657 asanakwanitse caka. Cikwangwani cimene makolo ake anamuikira cikadali m'chalichi ca Mittenwalde mpaka lero. Nyimbo inayamba kulembedwa, maliro anadza pambuyo. Mau amene mbusayu anakonzera nkhosa zake anadzawafuna yekha m'nyumba mwake. Mwa ana 5 amene banjali linabereka, 4 anamwalira ali makanda. Mmodzi yekha, Paul Friedrich, wobadwa mu 1662, ndiye anakula.

Mlandu wa cikumbumtima

Mu 1657 Gerhardt anaitanidwa kubwerera ku Berlin kukakhala mmodzi wa abusa a chalichi ca Nikolai, kumene anagwira nchito pamodzi ndi mnzake Crüger kufikira imfa ya Crüger mu 1662. Anthu anamukonda cifukwa ca maulaliki ake ndi mtima wake wofatsa. Koma mumzindamo munali mkangano wakale.

Anthu ambiri a dziko la Brandenburg anali a Lutheran, pamene banja lacifumu linali la Reformed kuyambira 1613. Mipingo iwiriyi inali kusiyana makamaka pa ciphunzitso ca Mgonero wa Ambuye ndi ca kusankhidwiratu, ndipo abusa ena anali kunyozana pa gome polalikira. Wolamulira wa nthawiyo, Friedrich Wilhelm, anali atalandira dziko lophwanyika ndi nkhondo ya zipembedzo, ndipo anafuna mtendere. Anaitanitsa zokambirana za mbali ziwirizi mu 1662 ndi 1663, koma sizinaphule kanthu. Gerhardt anali mmodzi wa olemba mayankho a mbali ya Lutheran, ndipo pa mfundo za ciphunzitso sanali wogonja. Mu September 1664 mfumu inatulutsa lamulo loletsa abusa kutsutsana ndi kuchulana maina oipa pa gome, ndipo mbusa aliyense anayenera kusaina kuti adzalimvera.

Gerhardt anakana. Sanali munthu wa mwano, ndipo khonsolo ya mzinda inacitira umboni kuti sananyozepo a Reformed m'maulaliki ake. Vuto lake linali lumbiro. Podzozedwa analonjeza kusunga mabuku a civomerezo ca mpingo wake, kuphatikizapo la mu 1577 lochedwa Formula of Concord, ndipo anaona kuti kusaina kukanatanthauza kulola mfumu kucepetsa lonjezo limene anapanga pamaso pa Mulungu. Mu February 1666 anacotsedwa pa udindo.

Mzinda unadandaula. Mabungwe a amisiri ndi amalonda, khonsolo, ngakhale akuluakulu a dziko analemba makalata omupepesera. Mu January 1667 mfumu inagonja, nimubwezera pa nchito popanda kusaina, koma uthenga unafika ndi mau akuti mfumu ikhulupirira kuti adzatsata lamulolo ngakhale sanasaine. Kwa Gerhardt, kuvomera ndi pakamwa kapena mwa kukhala cete kunali cimodzimodzi ndi kusaina. Atavutika mumtima masabata angapo, analembera mfumu kuti cikumbumtima cake sicimulola, ndipo malo ake anapatsidwa kwa wina.

Ife amene timawerenga nkhaniyi ticokera m'mipingo yosiyanasiyana, ndipo ena a ife ndife zidzukulu za mbali imene Gerhardt anakana kugwirizana nayo. Sitikakamizidwa kunena kuti anali wolondola pa zonse. Mfumu inali ndi cifukwa comveka cofunira mtendere, ndipo mu 1973, ku Leuenberg m'dziko la Switzerland, mipingo yambiri ya Lutheran ndi ya Reformed ya ku Ulaya inagwirizana zolandirana pa gome la Ambuye. Cimene tingaphunzire kwa iye ndi kulemera kumene anapatsa lonjezo lake. Anataya malipiro ndi ulemu ali ndi zaka pafupifupi 60, ali ndi mkazi wodwaladwala ndi mwana wamng'ono, osayambitsa cipolowe kapena kugawa mpingo.

Gome litatsekedwa, nyimbo zinapitirira. M'zaka zomwezo za 1666 ndi 1667, Johann Georg Ebeling, amene analowa m'malo mwa Crüger, anasindikiza nyimbo 120 za Gerhardt m'timabuku 10, kalikonse ka nyimbo 12, zokonzedwa m'mau anai pamodzi ndi zoimbira. Mbusa amene sanathenso kulalikira m'chalichi ca Nikolai anali kumvekabe madzulo m'nyumba za akhristu ake.

Maliro a m'Lenti ndi zaka zomaliza

Anna Maria anamwalira pa 5 March 1668, m'kati mwa nyengo ya Lenti, kutatsala masabata awiri ndi masiku ocepa kuti Pasaka afike. Gerhardt anatsala ndi mwana wa zaka 5, wopanda mpingo, akudalira thandizo la abwenzi ndi akhristu a mumzinda. Sabata Loyera la caka cimeneco analisunga ngati mkhristu wamba wofedwa.

Kumapeto kwa caka comweco anaitanidwa ndi mpingo wa ku Lübben, tauni imene inali kunja kwa ulamuliro wa Brandenburg, ndipo anayamba nchito kumeneko mu 1669. Mlamu wake wamasiye ndiye anali kusamala pakhomo. Zaka 7 zomalizazi zinali zacete ndi zosauka, ndipo nyimbo zatsopano zinali zitacepa. Atayandikira imfa analembera mwana wake kalata ya malangizo. M'menemo anavomera kuti cuma ca dziko sakumusiyira cambiri kupatula dzina losacititsa manyazi. Anamulangiza kuti asacite coipa poganiza kuti cidzabisika, asapse mtima pa zinthu zosakhudza udindo wake, acitire anthu zabwino ngakhale amene sangathe kubweza, athawe umbombo, ndipo alimbike kupemphera.

Paul Gerhardt anamwalira pa 27 May 1676 ali ndi zaka 69, naikidwa m'chalichi ca ku Lübben, cimene lero cimachedwa ndi dzina lake. M'menemo muli cithunzi cake, ndipo mau a Cilatini olembedwa pamenepo amamufotokoza ngati mphunzitsi wa Mau a Mulungu amene anapetedwa m'licero la Satana, fanizo locokera pa Luka 22:31. Anasiya nyimbo ndi ndakatulo za Cijeremani zoposa 130.

Kumene nyimbo zake zinafika

Patapita zaka pafupifupi 50, Johann Sebastian Bach anapeka nyimbo yaikulu yofotokoza zowawa za Yesu monga mwa Uthenga wa Mateyu, yoimbidwa pa Lacisanu Loyera m'chalichi ca Thomas ku Leipzig. M'menemo maimbidwe a Hassler aja amabwera kasanu, onse ndi mau a Gerhardt. Nthawi yomaliza ndi pamene Yesu wangopereka mzimu wake: kwaya imaimba motsitsa ndime ija yopempha Yesu kukhala pafupi pa ola la imfa. Bach anadalira kuti omvera ake akuidziwa kale ndimeyo ndipo adzaimva ngati pemphero lao.

John Wesley, amene anaphunzira Cijeremani kwa Akhristu a Moravian pa ulendo wa pa nyanja wopita ku America mu 1735, anamasulira nyimbo zingapo za Gerhardt m'Cingerezi, kuphatikizapo ya pa Masalimo 37 ija, imene inatuluka mu 1739. Nyimbo ya mutu wa Yesu inamasuliridwa mu 1830 ndi James Waddel Alexander, mbusa wa Presbyterian ku America, ndipo kumasulira kwakeko ndiko kunalowa m'mabuku ambiri a nyimbo. Mu 1855 Catherine Winkworth wa ku England anatulutsa buku la nyimbo za Cijeremani zomasuliridwa, zina mwa izo za Gerhardt. Motero nyimbo za munthu amene anataya nchito pokana kugwirizana ndi a Reformed zinadzakhala cuma ca a Reformed, a Methodist, a Anglican, ngakhale a Katolika.

Pa 5 April 1943, m'nyengo ya Lenti, mbusa Dietrich Bonhoeffer anamangidwa ndi boma la Hitler natsekeredwa m'ndende ya Tegel ku Berlin. M'makalata ake oyamba kwa makolo ake anachula kuti anali kuwerenga ndi kuloweza nyimbo za Gerhardt. M'cipinda cimeneco munalibe kwaya kapena mpingo, koma Sabata Loyera ndi Pasaka wa caka cimeneco sizinamupite wopanda nyimbo.

Za ife m'nyengo ino

Okondedwa, moyo wa Gerhardt utionetsa kuti nyimbo za mtanda zimagwira nchito yake yaikulu pamalo pamene anthu amadwalira, kulira ndi kudera nkhawa za mawa, ndipo malo amenewo ndi pakhomo. Ku chalichi timaimba nyimbo kamodzi, nthawi zina ndime zitatu cabe cifukwa ca nthawi. Kunyumba ingaimbidwe yonse, mobwereza, mpaka ana aigwire pamtima.

Tikupemphani atate, amai, agogo, ndi inu amene mukhala nokha, kuti m'masabata otsalawa mupatule mphindi zocepa madzulo mutatha kudya. Sankhani nyimbo imodzi ya zowawa za Ambuye m'buku la mpingo wanu, ndipo muiphunzire ndime imodzi usiku uliwonse. Musanaimbe, wina awerenge mau a ndimeyo mofatsa, ndipo ana afunsidwe cimene amvapo. Werenganinso kagawo kocepa ka nkhani ya zowawa, kucokera pa Mateyu 26 ndi 27, Marko 14 ndi 15, Luka 22 ndi 23, kapena Yohane 18 ndi 19, ndipo pa Lacisanu Loyera muonjezepo Yesaya 53 ndi Masalimo 22. Musade nkhawa ngati mau anu sagwirizana monga a kwaya. Buku la Crüger linakonzedwera anthu onga inu. Wailesi ndi foni zingathandize kuphunzira maimbidwe, koma zisaimbe m'malo mwanu. Nyimbo yolowezedwa imaimbika ngakhale magetsi atazima, imaimbika m'cipatala, imaimbikanso pa maliro.

Ngati m'dera lanu muli wodwala kapena wokalamba amene sadzatha kufika ku chalichi m'Sabata Loyera, pitani ndi banja lanu mukaimbe naye nyimbo imene mwaphunzirayo. Gerhardt analemba ya mutu wa Yesu asanadziwe maliro amene anali kumudikira. Ifenso sitidziwa za caka cino, ndipo ndi bwino kuti mau otere akhale kale m'mitima ya ana athu tsiku lowafuna lisanafike.

Ambuye amene anasenza mtanda cifukwa ca ife adalitse makomo anu m'nyengo ino, ndipo atifikitse tonse ku cimwemwe ca Pasaka.